Ulendo wa pa galimoto kuchoka ku Lusaka kupita ku Chipata ndi ku Malawi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene abale athu okhala mu Lusaka amafunsa mobwerezabwereza, makamaka Khirisimasi ikayandikira, nthawi ya miyambo ya Kulamba ndi Nc'wala, kapena kumudzi kukagwa zovuta. Ambiri ofunsa ndi amene angogula kumene galimoto ndipo akufuna kuyendetsa okha koyamba pa Great East Road.

Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi mtunda wautali bwanji?

Ndi makilomita pafupifupi 570. Msewu wake ndi T4, umene tonse timautchula kuti Great East Road. Umayambira pa Kabwe Roundabout, n'kudutsa Manda Hill, UNZA, Munali ndi Chelstone, kenako n'kutuluka mumzinda kulowera ku Chongwe. Mukapitirira Chongwe mufika ku Rufunsa, kenako pa mlatho wa Luangwa, womwe uli pa makilomita pafupifupi 230 kuchoka ku Lusaka. Kutsidya kuli Kacholola, Nyimba, mphambano ya ku Petauke, Sinda, Katete, ndiyeno Chipata.

Woyendetsa bwino, amene amaima kupumula ndi kudya, amatenga maola 8 kapena 9. Ngati mukupitirira ku Lilongwe, onjezerani makilomita opitirira pang'ono 20 kukafika pa malire a Mwami, ndi ena pafupifupi 110 kuchoka ku Mchinji kukafika mumzinda. Ulendo wonsewo ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo pamalire pamadya nthawi yakeyake.

Ndinyamuke nthawi yanji?

Pakati pa 4 ndi 5 koloko m'mawa. Katundu mupakire dzulo lake, mafuta mumwetseretu dzulo lake, ndipo otsanzikana nawo mutsanzikane nawo dzulo lomwelo. Mukanyamuka nthawi imeneyi mudutsa Munali ndi Chelstone magalimoto a anthu opita ku ntchito asanadzaze msewu, mapiri a ku Luangwa muwatsika kunja kutayera koma dzuwa lisanapse, ndipo ku Chipata mulowa masana.

Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo likangolowa mdima suchedwa. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo. Amene wanyamuka 10 koloko m'mawa wasankha yekha kuti chigawo chomaliza cholowera ku Chipata akachiyende mumdima.

Bwanji mumaletsa kwambiri kuyenda usiku? Si kuti usiku msewu umakhala wopanda anthu?

Ayi, anthu amakhalamo, kungoti simuwaona. Msewu uwu umadutsa pakati pa midzi, ndipo kwa anthu a m'midzimo ndiyo njira yopitira kumsika, kuchigayo, kutchalitchi ndi kumowa. Madzulo mumakhala njinga zonyamula matumba a makala otambalala kuposa njinga yomwe, zopanda nyale ngakhale imodzi. Mumakhala ngolo za ng'ombe zochokera kumunda, mbuzi zogona paphula chifukwa pamafunda, nkhumba zodutsa mwadzidzidzi, ndi anthu ovala zakuda oyenda m'mbali. Koopsa koposa ndi thiraki yofera pamsewu yopanda nyale. Masana mumaiona muli kutali. Usiku, galimoto yochokera kutsogolo ikakuthobwani m'maso, mumaizindikira mutaifika kale.

China ndi tulo. Munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse n'kunyamuka madzulo amayamba kuodzera cha ku Nyimba, pamene msewu wawongoka ndipo onse m'galimoto agona. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu sizichotsa tulo, zimangolichedwetsa pang'ono.

Boma lomwe linaona vutoli. M'chaka cha 2016 linaletsa mabasi ndi mathiraki kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Lamulolo silinakhudze galimoto za anthu wamba, koma mdima umene ankauopa kwa madalaivala ozolowera msewu ndi womwewo umene inu mudzakumane nawo. Ngati dzuwa likulowa muli ku Petauke kapena ku Nyimba, pezani malo ogona. Alipo, ndipo mtengo wa chipinda ndi wochepa poyerekeza ndi wokokera galimoto yogundidwa.

Uthenga wa maliro wafika madzulo. Ndidikirebe mpaka m'mawa?

Funso ili ndi lowawa, ndipo timalimva nthawi zambiri. Mtima umafuna kunyamuka pompo, achibale akuimba foni kufunsa kuti mwafika pati, ndipo munthu amaopa kuti anena kuti sanakhudzidwe. Komabe yankho lathu ndi lakuti dikirani. Woyendetsa amene wangomva za imfa ya mayi ake kapena mbale wake mutu sukhala pamsewu. Imbirani amalume kapena amene akuyendetsa mwambo, muwauze kuti munyamuka mbandakucha ndipo mufika masana. Akuluakulu akumudzi amamvetsa, ndipo ambiri amadikira mwana wochokera kutali asanaike maliro.

Ngati n'kotheka, wofedwayo asagwire chiwongolero. Pemphani mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito amene ali ndi laisensi kuti ayendetse. Musadzazenso galimoto kupitirira malo okhala chifukwa choti aliyense akufuna kukafika. Otsalawo akwere basi ya m'mawa.

Msewu uli bwanji, ndipo malo ofunika kusamala kwambiri ndi ati?

Wonse ndi wa phula. Chigawo cha kuyambira pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami, makilomita pafupifupi 360, chinamangidwanso ndi thandizo la European Union ndi African Development Bank monga mbali ya njira yopita ku doko la Nacala, ndipo n'chotakasuka bwino. Ubwino wakewo ndiwo umanyenga anthu kuti athamange, n'kuiwala kuti pa tauni iliyonse pali mahampu, ana asukulu ndi misika ya m'mbali mwa msewu.

Chigawo chovuta ndi cha pakati pa Rufunsa ndi Kacholola, kumene kuli mapiri a Manenekela. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene pa mlatho wa Luangwa sipafika mamita 500. Kutsika konseko kumachitika m'makona okhotakhota, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Potsika, ikani giya yotsika kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Amene amangoponda buleki ulendo wonse amatenthetsa mabuleki, ndipo akatentha sagwira. Galimoto ya otomatiki nayo ili ndi giya yotsika, pa 2 kapena pa L, ngakhale eni ake ambiri sanaigwirepo.

Pokwera mudzapeza mathiraki akukwawa. Pirirani. Musapitirire pakona kapena pamwamba pa chitunda pamene simukuona kutsogolo. Madalaivala a mathiraki ali ndi chizolowezi chothandiza: akayatsa indiketa ya kumanja akutanthauza kuti kutsogolo kukubwera galimoto, musatuluke, akayatsa ya kumanzere akuti mungadutse. Ndi ulemu wabwino, koma maso anu ndiwo atsimikize musanatuluke.

Mlatho wa Luangwa womwe ulipowu unamangidwa mu 1968. Pali achitetezo, choncho chepetsani liwiro, tsatirani zimene akuuzani, ndipo musajambule musanapemphe.

Galimoto yanga ndi yaing'ono. Ikafika?

Ikafika bwinobwino ku Chipata, ku Lilongwe ngakhale ku Mfuwe, malinga ndi yosamalidwa. Nkhani imasintha mukachoka paphula kulowera kumudzi. M'chilimwe njira zambiri zafumbi zimayendeka pang'onopang'ono, koma m'dzinja dothi lakuda la m'madambo limamiza ndi galimoto zazikulu zomwe. Imbani foni kumudzi dzulo lake, mufunse ngati galimoto ina yadutsa sabata imeneyo. Ngati ayi, siyani yanu pa boma kwa munthu wodalirika, mumalize ulendo pa njinga yamoto kapena pa ngolo.

Ndikonze chiyani pa galimoto ndisananyamuke?

Pitani kwa makaniko kudakali sabata yathunthu, osati dzulo lake, kuti chimene wakonza muchiyese mumzinda momwemo. Aone mabuleki, matayala, madzi a mu rediyeta ndi mapaipi ake, fanibeluti, oyilo, batire, nyale zonse ndi mawaipa. Galimoto imene imangoyenda kuchoka ku Matero kupita ku tauni imatha kubisa matenda kwa chaka chonse, n'kudzawaonetsa pa chitunda choyamba cha Manenekela.

Matayala ndiwo timawadandaula kwambiri. Ambiri timagula ogwiritsidwa kale ntchito, ooneka bwino kunja koma okalamba. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lakale, galimoto yodzaza ndi phula lotentha la mu Okutobala zikakumana, tayalalo limaphulika. Onaninso ngati la sipeya lili ndi mpweya, ndiponso ngati jeke ndi sipanala yomasulira matayala zilimo. Tengani madzi malita 5 a galimoto, tochi, chingwe chokokera ndi mawaya ojampira batire.

Ndi mapepala ati ofunika mkati mwa Zambia?

Laisensi yanu, msonkho wa pamsewu, chiphaso cha fitinesi chochokera ku RTSA (bungwe loona za chitetezo cha pamsewu), ndi inshuwalansi, zonse zisanathe masiku. Mukhalenso ndi mathirayango awiri ochenjezera, chozimira moto, ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Aliyense amange lamba, a kumbuyo omwe. Za kutuluka m'dziko, onani funso la pa malire a Mwami.

Mafuta ndimwetse kuti?

Dzazani thanki mu Lusaka kapena ku Chongwe. Kuchoka pamenepo mpaka ku Nyimba malo omwetsera mafuta ndi otalikirana, ndipo mapiri amadya mafuta kuposa momwe munazolowerera. Kuyambira ku Nyimba kupita kutsogolo, tauni iliyonse ili ndi pomwetsera. Mtengo wake amaika ndi a Energy Regulation Board ndipo ndi umodzi m'dziko lonse, choncho palibe phindu lodikira kuti mukagule motchipa kutsogolo. Thanki ikafika theka, mwetsani.

Opita ku Malawi adzaze ku Chipata. M'zaka zaposachedwapa mafuta akhala akusowa ku Malawi nthawi ndi nthawi, mizere n'kumatalika masiku angapo. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu muwapewe, poti ena amasakaniza ndi palafini.

Nanga ma toll gate ndi marodibuloko?

Pa msewu uwu mulipira ku Chongwe, kufupi ndi Nyimba, ndi kufupi ndi Katete. Amatolera ndi a National Road Fund Agency. Sungani ndalama zing'onozing'ono pafupi, ndipo malisiti musataye mpaka mutafika.

Pa rodibuloko chepetsani liwiro muli patali, tsitsani galasi, zimitsani wailesi, ndipo perekani moni: "Muli bwanji, bwana?" Nthawi zambiri angoyang'ana mapepala a pagalasi, kufunsa kumene mukupita, n'kukulolani. Ngati mwalakwadi, monga kuthamanga kupitirira liwiro la pachikwangwani, lipirani chindapusa ndipo mulandire lisiti ya boma. Wina akayamba kunena za "ya madzi" kapena "tikambirane", muyankheni mwaulemu kuti mukufuna lisiti. Ife timalimbikira pa ichi chifukwa ndalama ya m'manja ndi imene imalola basi yopanda mabuleki kudutsa pa rodibuloko yomweyo, ndipo m'basimo mumakhala abale athu.

Ndi nyengo iti yabwino kuyenda?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kumakhala kozizira, msewu ndi wouma, ndipo injini sivutika. Chosamala ndi utsi wa moto wa tchire, umene nthawi zina umatseka msewu. Mukauona, chepetsani liwiro ndi kuyatsa nyale.

Seputembala ndi Okutobala kumatentha, ndipo m'chigwa cha Luangwa kumatentha moopsa. Apa ndiye kulawira m'mamawa kumathandiza kawiri. Mvula imayamba mu Novembala mpaka Epulo. Mvula yoyamba imatereretsa phula chifukwa cha oyilo ndi fumbi zimene zaunjikana chilimwe chonse, ndipo maenje amabisala m'madzi. Ikagwa yamphamvu moti simukuona, patukani pamalo otakasuka kutali ndi msewu, mudikire. Madzi oyenda pamwamba pa kamlatho musawayese.

Kumbukiraninso masiku a miyambo. Nc'wala ya Angoni imachitikira ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndipo Kulamba kwa Achewa kwa Kalonga Gawa Undi kumachitikira ku Mkaika, ku Katete, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Masiku amenewo msewu umadzaza, ndipo malo ogona ku Katete ndi ku Chipata amatha msanga.

Pa malire a Mwami pamafunika chiyani?

Kuyambira mu Disembala 2022, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji, maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, moti mumaima kamodzi kokha. Nzika za Zambia sizifunika viza polowa m'Malawi, koma pasipoti ikhale yosatha masiku.

Galimoto nayo ili ndi zake. Tengani white book (chikalata cha umwini wa galimoto) yeniyeni, chiphaso cha apolisi a Interpol chotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, chimene muyenera kutengeratu musanafike pamalire, ndiponso kalata ya mwini wake ngati white book ili m'dzina la munthu wina, la kampani kapena la banki. A ZRA (a misonkho a ku Zambia) akupatsani chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi, ndipo a MRA (a misonkho a ku Malawi) akupatsani cholowetsera, chimene anthu amachitcha TIP. Onani tsiku limene TIP ikutha, ndipo muisunge bwino chifukwa pobwerera adzaifuna.

Anyamata odzipereka kukuthandizani kulemba mafomu sasowa pamalire. Simukakamizidwa kuwagwiritsa ntchito. Ndalama iliyonse perekani pawindo la ofesi, ndipo pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu wopanda yunifolomu.

Yellow Card n'chiyani? Ndi ija ya katemera?

Ayi, ndi ziwiri zosiyana. Ya galimoto ndi inshuwalansi ya COMESA, bungwe limene likulu lake lili mu Lusaka momwemo. Imalipira anthu ena amene mungawapweteke kapena kuwaonongera katundu muli kunja kwa dziko. Mumaigula ku kampani imene munadula inshuwalansi yanu, ndipo imagwira ntchito ku Malawi, Zimbabwe, Tanzania ndi Congo, mwa maiko ena. Ku Mozambique ndi ku Botswana muyenera kugula inshuwalansi yakomweko pamalire.

Ndalama ndisinthe kuti?

Maiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, choncho pokambirana mtengo nenani momveka kuti ndi kwacha iti. Sinthani ku banki kapena ku bureau. Osintha a pamsewu amalonjeza mtengo wokoma, koma kuwerenga kwawo n'kwachangu ndipo ena amalowetsa ndalama zabodza pakati pa mpukutu. Khalani ndi ndalama ya m'manja yokwanira mafuta ndi chakudya, chifukwa netiweki imasowa m'mapiri ndipo makina a khadi sagwira paliponse.

Tikuyenda ndi ana ndi agogo. Tiime kuti?

Imani maola awiri alionse, ngakhale palibe amene wapempha. Agogo ambiri sanena kuti atopa kapena akufuna kutaya madzi, amachita manyazi ndi mkamwini kapena mtengwa amene akuyendetsa. Muziwafunsa ndinu: "Agogo, tiimeko pang'ono muwongole miyendo?"

Malo odziwika opumulira ndi pamsika wa pafupi ndi mlatho wa Luangwa, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi zokazinga, madengu ndi mphasa. Ku Nyimba kuli nthochi zambiri. Gulani chakudya chimene chaphikidwa mukuona ndipo n'chotentha, madzi akumwa mutenge anu. Woyendetsa asakhute nsima masana, imabweretsa tulo. Mwana asakhale pamiyendo ya munthu kutsogolo, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale kwa mphindi zochepa.

Ana okulira mu Lusaka amadwala malungo msanga akapita kumudzi kapena kuchigwa. Tengani masikito. Mwana akatentha thupi mkati mwa milungu ingapo mutabwerako, mukamuyezetse tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene munapita. Mwana wodutsa malire akhale ndi pasipoti yake, ndipo ngati kholo limodzi latsala, tengani kalata yake yovomereza.

Ndinganyamule chilichonse pobwerera?

Mtedza, nyemba, mpunga ndi ufa wodya pakhomo sizivuta mkati mwa dziko. Nyama ya m'tchire ndi yoletsedwa popanda chilolezo, ndipo a zanyama zakutchire amasecha magalimoto pa msewu uwu. Musalandire phukusi la munthu amene simukumudziwa. Ziweto zamoyo zimafuna chilolezo cha a zaziweto. Podutsa malire, chimanga ndi ufa wambiri zimakhala ndi malamulo amene amasintha malinga ndi zokolola za chaka chimenecho, choncho funsani a kasitomu musanagule.

Za kulemera, achibale amapereka ndi mtima wonse ndipo kukana n'kovuta. Koma galimoto ikakhala pansi kumbuyo, mabuleki ndi matayala ndiwo amavutika m'mapiri muja. Matumba otsala atumizeni pa basi.

Galimoto ikafa panjira kapena pakachitika ngozi, ndichite chiyani?

Ikankhireni kunja kwa phula ngati n'kotheka. Ikani thirayango imodzi kutsogolo, ina kumbuyo, patali ndithu, ndipo ngati muli pakona muiike kona isanayambe. Anthu onse atuluke akakhale kutali ndi msewu. Nthambi zimene madalaivala amayala pamsewu zimathandiza, koma pochoka muzichotse. Inunso mukaona nthambi zobiriwira pamsewu, dziwani kuti kutsogolo kwafera galimoto kapena pali maliro, muchepetse liwiro.

Injini ikatentha, musatsegule rediyeta pompo, madzi ake amawotcha nkhope. Dikirani izizire.

Pa ngozi, apolisi ndi 991 ndipo RTSA ndi 983. Zipatala za m'njira muno ndi St Luke's ku Mpanshya, zipatala za boma ku Nyimba ndi ku Petauke, St Francis ku Katete, Chipata Central, ndi Mwami Adventist kufupi ndi malire. Musachoke osakanena kupolisi, ngakhale mwagunda chiweto chokha. Ngati anthu akwiya ndipo mukuopa, pitani molunjika ku polisi yapafupi mukadzinene nokha.

Kodi si bwino kungokwera basi?

Ngati muli nokha kapena awiri, basi ndi yotchipa ndipo mufika osatopa kwambiri. Mabasi a ku Chipata, Lundazi ndi Lilongwe amanyamukira pa Intercity, pa Dedan Kimathi Road, ambiri m'mamawa. Gulani tikiti pa ofesi ya basiyo dzulo lake. Galimoto yanu imapindula mukakhala banja lonse, muli ndi katundu, kapena kwanu kuli kutali ndi msewu waukulu. Ngati simunayendetsepo mtunda wopitirira ku Kafue kapena ku Kabwe, ulendo woyamba muyende ndi munthu wodziwa msewuwu, muzisinthana.

Malangizowa akugwiranso ntchito pa misewu ina yochoka mu Lusaka?

Ambiri akugwira. Ku Livingstone ndi makilomita pafupifupi 480 kudzera ku Mazabuka, Monze ndi Choma, ndipo opita ku Botswana amawolokera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu Meyi 2021. Ku Chirundu n'kufupi, makilomita pafupifupi 135, koma nakonso kuli mapiri otsetsereka odzaza mathiraki, choncho zimene tanena za Manenekela muzitsatire. Msewu wa ku Mongu umadutsa mu Kafue National Park, kumene nyama zimawoloka nthawi iliyonse. Ku Nakonde ndi makilomita pafupifupi 1,000, ulendo wa masiku awiri, ndipo anthu ambiri amagona ku Serenje kapena ku Mpika. Opita ku Tete apatukire pa Katete kulowera ku malire a Chanida.

Ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana ndi Tanzania amayendetsa kumanzere monga kuno. Ku Congo ndi ku Angola amayendetsa kumanja. Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi yathu, koma mukawoloka pa Nakonde kulowa ku Tunduma, wotchi muipititse patsogolo ndi ola limodzi.